Kope la bambo lomwe ndinalipeza pansi pa matiresi

Nabanda, Mufakose:
Mwaswera bwanji makolo ndi abale nonse. Mundikhululukire, ndilemba zambiri. Ambiri a inu munabwera kudzatikhuza bambo atatisiya chaka chatha mu June, atakhala zaka zinayi pa makina a dialysis, aja osefa magazi impso zikafa. Mu August muno tikukavundukula chiliza ku manda a Mbudzi kuno ku Harare, ndipo akubanja asankha ine kuti ndikalankhule.

Sabata yatha ndimakonza chipinda chawo kuti mugone alendo. Potembenuza matiresi ndinapeza kope la ana asukulu, lachikuto chofiira. M'kati mwake ndi manambala okhaokha. BP ya m'mawa. Makilo awo asanakwere pa makina, makilo awo atatsika. Makapu a madzi amene amwa tsiku limenelo, poti impso zikafa madzi satuluka m'thupi, ndiye adokotala anawaikira malire, ngakhale tiyi ndi msuzi wa ndiwo ankawerengera. Koma apo ndi apo, pakati pa manambalapo, pali mawu. Tsamba lina analemba kuti: "Ndalota ndili pachitsime kwa amayi ku Dedza. Ndamwa chikho chodzadza, ndatunganso china. Palibe wondiletsa." Tsamba lina analemba dzina langa katatu, osawonjezapo kanthu.

Chikundipweteka ndi ichi. Tsiku loika maliro, wowerenga mbiri ya malemu anangoti "anadwala nthawi yaitali." Mawu atatu basi. Kudzuka 4 koloko kawiri pa sabata, makombi awiri, maola anayi ali chigonere pa makina, nthochi ndi tomato zomwe ankazikonda koma osaloledwa kudya, timibulu ta ayezi tomwe ndinkawapatsa kuti aziyamwa kukhosi kukauma, zonsezo zinakwana m'mawu atatu. Ndikufuna kuzilemba, kaya ikhala ndakatulo kaya nkhani. Funso langa lili pawiri. Alipo mabuku a anthu amene analembapo za kudwazika ndi kuferedwa oti ndiwerenge? Chachiwiri, kodi ndilakwa ndikaulula za m'kopemu pagulu?

Nasibeko, Tafara:
Pepani achemwali. Za chitsimezo zandigwetsa misozi ndili mu kombi.

Abambo Mbewe, Highfield:
Mwana wanga Nabanda, pepa kwambiri. Bambo ako ndidawadziwa tili anyamata, tinkaimba limodzi kwaya ku CCAP. Ine ndawerengapo mbiri ya malemu pa maliro ambiri, ndipo mawu akuti "adadwala nthawi yaitali" atuluka pakamwa panga kosawerengeka. Usawaone ngati ulesi. Mawu amenewo ndi nsalu. Munthu akatsirizika timayamba tamufunditsa tisanaitane anthu, sitimuonetsa mmene matenda amusiyira. Bambo ako adali munthu wa jekete ndi tayi ngakhale popita kuchipatala. Ndipo kopelo adaliika pansi pa matiresi, osati pa tebulo. Chimenecho uchiganizire bwino.

Yohane, Epworth:
Abambo Mbewe, ndikukupatsani ulemu wonse, koma mundilole nditsutseko. Nsalu mukunenayo inafunditsa ndi amoyo omwe. M'zaka za m'ma 1990 kuno ku Epworth sabata sinkatha tisanapite kumanda, ndipo aliyense ankamwalira "atadwala nthawi yaitali." Mkulu wanga anapita choncho mu 1998, alamu anga anamutsatira mu 2000, kamwana kawo komaliza chaka chotsatira. Pa maliro atatu onsewo palibe anatchula dzina la nthendayo. Ine ndinatenga zaka ndikuonda, ndikunamizira chifuwa, chifukwa mawu ake tinalibe.

Ndinayezetsa mu 2005, ndipo ndakhala ndikumwa ma ARV kuyambira 2006. Sindibisa, pagulu pano ambiri mukudziwa. Chinandilimbitsa mtima ndi kabuku ka Tendayi Westerhof, Unlucky in Love, kotengera moyo wake, kamene kanatuluka mu 2005 iye atanena kale poyera kuti ali ndi kachilombo. Ku gulu lathu la anthu omwa mankhwala kanalipo kamodzi kokha, tinkabwerekana mpaka masamba anayamba kuthothoka, wina anachita kukasoka ndi ulusi. Sindinganene kuti ndi buku lolembedwa mwaluso kuposa onse. Koma munali munthu wa mu Harare muno, woyenda misewu yomwe ine ndimayenda, akutchula chinthucho ndi dzina lake. Achemwali Nabanda, lembani. Alipo wina ku Mufakose komweko amene bambo ake ayamba kutupa miyendo ndipo sakudziwa chimene chikubwera.

Abambo Mbewe, Highfield:
A Yohane, zanuzo ndi zanu, mwaulula nokha ndi pakamwa panu, ndipo Mulungu akudalitseni. Apa tikunena za munthu amene sangathenso kuvomera kapena kukana.

Aphunzitsi Mwale, Mabvuku:
Ndiyankheko funso loyamba lija la mabuku, poti lachiwiri lagwira kale moto.

Yambani ndi Notes on Grief la Chimamanda Ngozi Adichie, la 2021. Ndi lopyapyala, mutha kulimaliza madzulo amodzi. Bambo ake, pulofesa James Nwoye Adichie, adamwalira mu June 2020 ndi vuto la impso lomweli, iye ali ku America, mabwalo a ndege ku Nigeria atatsekedwa chifukwa cha Covid. Banja linkakumana pa Zoom, ndipo maliro adadikira miyezi. Chimene ndidachikonda m'bukuli n'chakuti sakudzionetsa ngati wolimba mtima. Akuvomera kuti mawu ambiri achitonthozo amene anthu ankamuuza ankamupsetsa mtima, aja oti apumula, aja oti adakhala zaka zokwanira. Amene adamufika pamtima ndi kamawu kamodzi ka Chiigbo, "ndo." Nditawerenga pamenepo ndidatseka buku, ndikuti uyu ndi "pepani" wathu. Sitifotokoza kanthu, sitilalikira, timangogwira dzanja n'kuti pepani.

Lina ndi The Year of Magical Thinking la Joan Didion, la 2005. Mwamuna wake adagwa pa tebulo la chakudya kumapeto kwa 2003, mtima utaima. Mayiyu adagawa zovala zambiri koma nsapato adalephera, chifukwa penapake m'mutu mwake ankaganiza kuti mwamunayo akabwera adzazifuna. Ine akazi anga atamwalira, tsiku logawa zovala ndidabisa chitenje chawo chimodzi m'chikwama changa cha kusukulu. Alamu anga adachifunafuna, ine chete. Ndidadziona ngati wopenga kwa zaka, mpaka ndidakumana ndi nsapato za mzungu ameneyu.

Kunonso kwathu nkhani zilipo, kungoti zambiri sizidalembedwe ndi odwazikawo. Charles Mungoshi, mlembi wa mabuku wa ku Zimbabwe kuno, adagwa m'matenda mu 2010 n'kukhala chidwalire mpaka February 2019. Pakati pa matendawo, mu 2013, banja lake lidatulutsa Branching Streams Flow in the Dark, buku limene adalilemba kwa zaka zoposa 20, ndipo nkhani yake ndi ya mayi wopezeka ndi kachilombo. Ndikaliona pa shelefu ndimaganiza za zaka zisanu ndi zinayi za mkazi wake, mai Jesesi Mungoshi, pambali pa bedi. Limenelo ndi buku lina lomwe ndikadakonda kuliwerenga.

Limbani, Mbare:
Aphunzitsi, za Zoom mwanenazo ndi zanga. Amayi anamwalira ku Ntcheu mu January 2021, kuno atatseka chilichonse, basi ya ku Nyamapanda kulibe. Mphwanga anaimika foni pa mpando pa siwa. Ndinaona denga la malata ndi miyendo ya anthu, ndikumva azimayi akuimba. Netiweki inaduka bokosi lisanatuluke m'nyumba. Mpaka lero ndikalota amayi ndimawalota ali moyo, poti sindinawaone akutsitsidwa. Bukulo alipo ali nalo andibwereke?

Aphunzitsi Mwale, Mabvuku:
Langa lilipo, a Limbani. Loweruka ndikhala m'tauni cha ku Harare City Library, tikumane pakhomo 10 koloko.

Naphiri, Dzivaresekwa:
Ine ndine namwino, ntchito yanga ndi yoyendera odwala m'makomo, ambiri a khansa ndi a sitiroko. Ndikufuna ndilankhule za munthu amene pa maliro satchulidwa, wodwazika uja.

Nabanda, mwalemba za ayezi. Ine ndikudziwa zina zomwe simunalembe. Dzanja lija la fistula, mtsempha wolumikizirapo makina a dialysis, lomwe simunkalola kuti aliyense aliyeze BP kapena kuligonera. Kuika chala pamtsempha m'mawa uliwonse kuti mumve ngati ukunjenjemerabe, kaja kamachita ngati njuchi yatsekeredwa m'kati mwa khungu. Kuviika mbatata m'madzi musanaphike. Kubisa mchere. Kukangana ndi bambo anu okubalani chifukwa cha theka la kapu ya madzi, inu n'kukhala woipa m'nyumba. Ndipo pali china chimene odwazika amandinong'oneza tikatuluka panja: usiku woyamba maliro ataikidwa anagona tulo tokoma mpaka kucha, ndipo podzuka anadzida okha. Mayi wina anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Asisita, kodi ndine mfiti?" Anadwazika mwamuna wake zaka zisanu ndi chimodzi, akumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda. Mayi ameneyo akanapeza tsamba limodzi lokha lonena kuti tulo timeneto si tchimo, bwenzi atapepukidwa.

Mwina ena simudziwa kuti Island Hospice, yosamalira odwala matenda osachiritsika, yoyamba ya mtundu wake mu Africa muno, inayambira mu Harare momwemuno mu 1979, ndipo anaiyambitsa ndi Maureen Butterfield mwana wake wamkazi atamwalira ndi khansa. Namfedwa ndi amene anaona chimene chinkasowa.

Pa mabuku ndiwonjezere awiri. When Breath Becomes Air la Paul Kalanithi, dokotala wa opaleshoni ya ubongo amene anapezeka ndi khansa ya m'mapapo n'kumwalira mu 2015 ali ndi zaka 37. Bukulo linatuluka mu 2016, ndipo gawo lomaliza analemba ndi mkazi wake Lucy, poti mwini wake mphamvu zinamuthera lisanathe. Gawo la mkaziyo ndi limene ine ndimalibwereza. Linalo ndi The Cancer Journals la Audre Lorde, la 1980. Atamudula bere anakana kuvala loikirira, anati sadzabisa chimene chamuchitikira kuti ena amasuke. Azimayi anga a khansa ya m'mawere ndikawafotokozera zimenezi, ena amavomereza, ena amati ayi, ine changa ndibisa. Onsewo ndimawamvetsa.

Nabanda, Mufakose:
Asisita Naphiri, za tulozo. Sindinauzepo munthu. Ndinagona mpaka 9 koloko.

Naphiri, Dzivaresekwa:
Thupi linali ndi ngongole ya zaka zinayi, mwana wa amayi. Palibe chimene munalakwa.

Abambo Gondwe, Glen Norah:
Pepani podula nkhani. A sosaite ya maliro, zopereka za mwezi uno zifike pasanafike pa 5. Amene muli ndi miyezi iwiri mundipeze kumbali. Nabanda, tenti ndi mipando ya tsiku la chiliza tidakulemberani kale.

Tadala, Kuwadzana:
Moni makolo. Ine ndinabadwira kuno, Chichewa changa ndi cha m'khitchini mwa agogo, mukaona polakwika mundikonze. Ndimalemba ndakatulo, ndinayambira pa mpikisano wa House of Hunger ku Book Café isanatsekedwe mu 2015.

Mabuku atchulidwawa ndawerengako ena, ndi abwino, koma pali chimene mulibe. Mulibe ndalama. Didion sanawerengepo ya kombi. Kalanithi sanauzidwepo kuti mankhwala mukagule nokha. Ngakhale When a Crocodile Eats the Sun la Peter Godwin, la 2006, lomwe likunena za bambo ake akudwala mu Harare muno chuma chikugwa, ndi Harare wa mbali ina ya tauni, osati wa Mufakose. Kwathu kuno matenda amgonagona amadya nyumba yonse. Amayamba ndi mbuzi za kumudzi, kenako makina osokera, kenako fizi ya mwana. Amayi anga atadwala shuga tinkasunga insulin mu mtsuko wadothi wokhala pa mchenga wonyowa chifukwa magetsi ankapita tsiku lonse. Ndakatulo ya maliro athu ikapanda mtsuko umenewo, kwa ine ndi yobwereka.

Vuto langa lina ndi chilankhulo. Ndimalemba m'Chingerezi, pa siteji ndimasakaniza Chishona, koma amayi atamwalira chimene chinatuluka pakamwa panga ndi "mayo ine," mawu omwe sindinawanenepo chibadwire. Kusukulu ankatinena kuti Mabhurandaya, ndiye ndinakula ndikubisa Chichewa. Pa siwa chinatuluka chokha. Achemwali Nabanda, inu mulemba m'chilankhulo chiti? Poti ku Mbudzi kudzakhala adzukulu awo a malemu osamva Chichewa bwinobwino, ndi aneba Achishona.

Nabanda, Mufakose:
Bambo manambala ndi mayina a mankhwala analemba m'Chingerezi. Maloto onse analemba m'Chichewa. Mwina nditsatira iwowo.

Aphunzitsi Mwale, Mabvuku:
Tadala, Chichewa chako chilibe banga, usachitenso nacho manyazi. Ndipo mfundo yako ya ndalama ndaigonjera. Uwerenge Kofi Awoonor wa ku Ghana, amene adaphedwa pa chiwembu cha ku Westgate ku Nairobi mu 2013. Songs of Sorrow adaiumba kuchokera ku nyimbo za maliro za anthu a mtundu wake wa Ewe, ndipo agogo ake aakazi adali woimba nyimbo zoterozo. Sadapite kutali kukafuna kalembedwe, adakatenga pa siwa. Steve Chimombo wathu naye adatenga Napolo, chinjoka chija amati chimagumula mapiri chikamasamuka, n'kumangapo ndakatulo zake. Adamwalira mu 2015, koma namondwe wa Freddy atakokolola anthu ku Chilobwe mu March 2023 dzina limene lidabwera pakamwa pa anthu ndi la Napolo lomwelo. Pa shelefu yanga pali ndakatulo za Chichewa, za a Benedicto Wokomaatani Malunga ndi ena, koma buku la munthu wofotokoza m'Chichewa mmene adadwazikira kholo lake tsiku ndi tsiku palibepo. Malo ake alipo, ndawasiya.

Gogo Nangozo, Rugare:
Uyu ndi mdzukulu wawo, agogo ndawawerengera zonse ndipo akuti ndilembe momwe akunenera.

Akuti: Ine ndidabwera kuno pa lole ya Ulere ndili mtsikana, kutsatira amuna anga omwe ankagwira ntchito ya njanji. Ndaika amuna anga kuno, ndaika ana atatu kuno. A Mbewe akuti kwathu timafunditsa. Inde, abambo amafunditsa, iwo amakhala panja pamoto. Koma adalowapo m'nyumba ya siwa usiku n'kumva zomwe azimayi timanena pobuma? Timanena zonse. Mwana wanga wachiwiri atamwalira ndidalira kuti, "Ndakusambitsa uli khanda, ndakusambitsanso uli ndi ndevu, nanga ine adzandisambitsa ndani? Phala lija ndakuphikira m'mawa likadali pa mbaula, dzuka umwe." Ndidatchula matewera amene ndinkachapa usiku kuti aneba asaone. Ndidatchula mkazi amene adamuthawa. Palibe adanditseka pakamwa, chifukwa polira munthu saletsedwa. Zomwe mukuti ndakatulozo ife tinkazinena kalekale, kungoti sitinkadziwa kugwira pensulo.

Akutinso: Nanga adzukulu kumanda sasewera malemu? Kuno anzathu Achishona ali ndi sahwira, amavala jekete la malemu, kuyenda monga ankayendera, kuulula ngakhale ngongole zake, anthu n'kuseka misozi ili m'maso. Mwanayo musiyeni alire bambo ake. Maliro n'kulirana.

Tadala, Kuwadzana:
Agogo, ndawerenga katatu. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna mzere ngati wa kusambitsawo. Mundilole ndidzabwere ku Rugare ndidzakhale pansi ndikumvereni.

Gogo Nangozo, Rugare:
Akuti bwera Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, koma usabwere ndi makina ojambulira tsiku loyamba.

Abambo Mbewe, Highfield:
Amayi Nangozo andigonjetsa pa za siwa, sindikana, ife abambo timamvera patali. Koma ndisiyeko mawu amodzi. Kubuma kumapita ndi mphepo. Kukacha, amene adamva adamva, ndipo palibe amakafunsa mayi wolira kuti ubwereze zija unanena usiku. Cholembedwa chimakhala. Chidzawerengedwa ndi mdzukulu amene sadabadwe, ndi mlendo, ndi mdani yemwe. Pa foni pano chimafika ku Lilongwe tisanamalize kumwa tiyi. Sindikuletsa kulemba ayi. Ndikuti pakati pa kulira ndi kusindikiza pali mtunda.

Aphunzitsi Mwale, Mabvuku:
Apa a Mbewe anena zoona, ndipo nkhani ya Dambudzo Marechera, mlembi wina wa ku Zimbabwe kuno, ndi umboni. Adamwalira mu August 1987 ali ndi zaka 35, matenda okhudzana ndi Edzi, ndipo adagona ku Warren Hills. Flora Veit-Wild ndi amene adasunga mapepala ake n'kutulutsa ndakatulo zake mu Cemetery of Mind mu 1992. Popanda mayi ameneyu zambiri zikadatayika. Koma mu 2012 adalemba poyera kuti awiriwa adali pachibwenzi ndipo naye ali ndi kachilombo, kenako mu 2020 adatulutsa They Called You Dambudzo. Owerenga adagawikana. Ena adati walimba mtima, wanena zoona zake. Ena adafunsa kuti nanga womwalirayo ayankha bwanji, nanga abale ake? Ine ndidawerenga bukulo ndipo mbali zina zidandikhudza, mbali zina ndidamva ngati ndasuzumira pazenera la eni. Wodwazika ali ndi nkhani yake, imeneyo palibe angamulande. Koma nkhani yakeyo imadutsa m'thupi la munthu wina.

Yohane, Epworth:
Ndamva aphunzitsi. Komabe ine ndikadzapita, wowerenga mbiri adzatchule. Ndauza kale ana anga. Adzanene kuti anakhala ndi kachilombo zaka zakutizakuti, anamwa mankhwala, analera ana, anamanga nyumba ya zipinda zitatu.

Naphiri, Dzivaresekwa:
Tonse tikulankhula, koma pali munthu mmodzi sitinamufunse. Nabanda, amayi akuti bwanji? Anagona pa matiresi amenewo ndi iwowo.

Chifundo, Johannesburg:
Moni nonse. Ndine mlongo wake wa Nabanda, wamng'ono. Ndakhala ndikuwerenga chiyambire dzulo osayankha. Achemwali, za kopeli ndamvera pano. M'menemo ine ndilimo?

Nabanda, Mufakose:
Chifundo, ndikuimbira madzulo tikambirane awiri.

Chifundo, Johannesburg:
Ayi achemwali, nenani pompano. Anthu awa ndi amene anasenza bokosi ine ndili pa mzere ku Beitbridge. Palibe chimene sakudziwa.

Nabanda, Mufakose:
Ulimo. Lamulungu lililonse pansi pa manambala ankalemba "wa ku Joni waimba" kapena "wa ku Joni sanaimbe." Chaka choyamba ndi chachiwiri pafupifupi ponse ndi "waimba." Chaka chachitatu pali miyezi inayi yotsatizana ya "sanaimbe." Sanalembe chodandaula chilichonse, mawu awiriwo basi. Ndiye pali Lamulungu lina analemba kuti, "Waimba. Mawu ake ngofooka. Kaya akudya."

Chifundo, Johannesburg:
Inali nthawi ija ntchito inatha. Ndinalibe choti nditumize, ndiye ndinkaopa kuimba chimanjamanja. Foni ikalira ndikaona nambala ya kunyumba ndinkaiyang'ana mpaka isiye. Ndinkati ndikapeza kangachepe ndiimba. Sindinadziwe kuti akuwerenga masabata.

Abambo Mbewe, Highfield:
Chifundo mwana wanga, bambo ako nthawi imeneyo adandiuza ndi pakamwa pawo kuti mnyamata zamuvuta, tizimupempherera. Sadakutchule ndi mkwiyo ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena pamaso pa Mulungu.

Limbani, Mbare:
Achimwene Chifundo, tilipo ambiri amene tinayang'anapo foni mpaka kusiya kulira. Limbani mtima.

Nabanda, Mufakose:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndinachita zomwe asisita Naphiri ananena. Usiku ndinakhala ndi amayi pa mkeka, poti maso awo anafooka ndi shuga ndinawawerengera ndine, tsamba ndi tsamba, mpaka cha m'ma 1 koloko. Ndinkaganiza kuti ndikuwaululira chinsinsi. Anandiuza kuti kopelo anagula ndi iwo pa tuckshop ya pakona. Akuti bambo ankalemba usiku ndi tochi ya pafoni, iwo n'kumanamizira kugona kuti asawachititse manyazi.

Asankha okha. Za chitsime cha ku Dedza akuti ndikawerenge ku manda, anthu adziwe kuti munthuyu anafa ndi ludzu madzi ali pampopi. Dzina la matenda akuti nditchule, ndi zaka zake, ndi makombi omwe. Pali masamba ena a miyezi yomaliza, pomwe thupi linayamba kuwachititsa manyazi ndipo analemba zopempha Mulungu kuti awatenge. Amenewo amayi anaika dzanja pamwamba n'kuti, "Awa ndi anga." Sindidzawawerenga kwa munthu, ndipo sindidzawalemba. Za Lamulungu akuti mwini wake ndi Chifundo, anene yekha.

Ndayamba kulemba m'mawa uno. Poyambira pake pali motere, mundiuze ngati zikumveka:

Bambo, lero ndabwera ndi chikho chodzadza.
Sindinayeze, sindinalembe m'kope.
Zaka zinayi ndinali mlonda wa pampopi,
mwana wanu yemwe, ndikukumanani madzi.
Munkandiyang'ana, n'kubweza kapu osatsutsa.
Imwani tsono, atate, tungani china.

Tadala, Kuwadzana:
Musasinthe "mlonda wa pampopi." Pa mzere womaliza mwasintha kuchoka pa "bambo" kupita pa "atate," kodi mwachita dala? Kwa ine zikumveka bwino, ngati mwagwada. Ndingakuthandizeni kuika m'Chishona pa pepala lapadera kuti aneba atsatire, koma powerenga muwerenge m'Chichewa.

Nabanda, Mufakose:
Sindinachite dala, zinangobwera. Bambo ankawatchula agogo choncho. Za Chishonazo ndavomera, zikomo.

Abambo Mbewe, Highfield:
Pa pulogalamu ndikuika ukatha ulaliki, tisanachotse nsalu pa chiliza. Chikho ndibweretsa ine, ndili nacho cha kumudzi chimene ndidabwera nacho ulendo watha. Madzi mutunge a kunyumba ku Mufakose.

Chifundo, Johannesburg:
Achemwali, za Lamulungu ndidzawerenga ndekha, miyezi inayi yonseyo, ndi tsamba lija la "kaya akudya." Tikiti ndagula ya Lachinayi usiku kuti za pa Beitbridge zisandichedwetsenso. Munditumizire chithunzi cha tsambalo, ndikufuna ndione dzanja lawo.